Ulendo wa Maya Umene a Likongwe Analengeza

A Rapson Likongwe ali ndi zaka 64, ndi mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Coventry, ndipo anapuma pa ntchito yopopera penti magalimoto. Kwawo ndi ku Ntcheu, koma anakulira ku Ndirande, m'galaja ya amalume awo, kuwongola zitsulo za maminibasi ogundidwa. Akazi awo, a Felista, ndi namwino. Ndiwo anatsogola kubwera kuno atapeza ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Walsgrave. Bamboyo anabwera pambuyo, mwezi wa Januwale, atavala jekete la ku Limbe limene mphepo ya kuno inangodutsamo ngati mulibe kanthu.

Poyamba ankatsuka mabasi. Kenako analowa ku fakitale ya magalimoto ya ku Solihull, mbali ya penti, ndipo anakhala kumeneko mpaka maondo atayamba kukana kuima shifiti yonse.

Koma Amalawi a kuno sawadziwira penti ayi. Amawadziwira maiki. Ukwati ku Hanley, chinkhoswe ku Wolverhampton, chikondwerero cha ufulu wa Malawi ku Birmingham, wogwira maiki amakhala iwowo. Amadziwa mwana wa aliyense, sukulu imene anapita, digiri imene anatenga, ndipo amatchula zonse osasiyako. Mwana akayamba ntchito, amamuimiritsa kutsogolo kuti anthu amuombere m'manja. Munthu akakhala pa ulendo, amamuitana, kutchula kumene akupita ndi tsiku lonyamuka, abusa n'kumusanjika manja. Mpingowu wakhala ukuchita zimenezi kuyambira pamene unkasonkhana pa balaza la munthu, anthu atakhala pa kapeti. Kwa a Likongwe, munthu wochoka osatsanzika ndiye kuti waba kapena wakwiya.

Mzime wawo ndi Maya, wobadwira pa chipatala chomwecho chimene amayi ake amagwirapo ntchito. Chichewa amamva chonse, ngakhale cha miseche, koma amayankha m'Chingerezi. Anakulira m'kagalaja ka kuseri kwa nyumba, mmene bambo ake ankakonzera magalimoto a anthu ampingo opalidwa pa maraundabauti. Anamuphunzitsa kupalasa ndi sandipepa, ndi kumva ndi chala pamene maso sakuona chilema. Atamaliza sukulu, amayi ake ankafuna kuti achite unamwino. Iye analowa usilikali wa m'mlengalenga, osati kukaulutsa ndege koma kukazikonza. Atatha maphunziro anamutumiza ku bwalo lina la kum'mawa kwa dziko lino, kumene kumakhala ndege zankhondo zija amati zosaoneka.

Lamlungu lina Maya atabwera kudzacheza, pa tebulo panali a Dixon, mnzawo wa a Likongwe wa ku Nsanje, amene amayendetsa takisi.

"Ndege zosaoneka?" anatero a Dixon. "Azungu angozitulukira kumene? Kwathu tili nazo kalekale. Lichero basi, mafuta osagula."

Maya anaseka. Anayankha m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, koma zimene ananena ndi izi: "Ndi maso imaoneka, ankolo. Itadutsa pamwamba pa takisi yanu mungatseke makutu. Imene imavutika kuiona ndi rada."

Anawafotokozera kuti rada ndi makina amene amaponya mafunde m'mwamba n'kudikira kuti abwerere. Mafundewo akagunda ndege amabwerera, ndipo amene ali pansi amadziwa kuti kukubwera chinthu. Ndege izi anaziumba mopendekeka kuti mafunde akazigunda azitayikira kumbali. Khungu lake limamwa ena otsalawo. Mabomba sizipachika pa mapiko, zimabisa m'mimba.

"Ndiye ntchito yake n'chiyani, kupatula kubisala?" anafunsa a Dixon.

"Kutsogola. Maiko ambiri masiku ano ali ndi marada ndi mizinga yogwetsera ndege. Ndege wamba amaiona ikadali kutali. Iyi imalowa koyamba, kupeza pamene pali marada ndi mizingayo, n'kuziphwanya, kuti zinzake zidutse. Nthawi zina siombera n'komwe. Imangoona ndi kumvetsera, n'kutumiza zimene yapeza kwa ndege zina ndi sitima za panyanja. Zimenezi zili pa TV, aliyense akuzidziwa. Zinazo musandifunse."

"Nanga iweyo umagwira pati?" anafunsa bambo ake.

"Pa khungu lake. Pakangopalika pang'ono, kapena kachitseko kakapanda kukhala bwino m'mphepete, rada ikhoza kugwira pomwepo. Ndiye woyendetsayo aziganiza kuti wabisala pamene akuoneka."

A Likongwe anaika foloko pansi. "Ndiye ndi penti."

"Si penti, Dad."

"Umapalasa?"

"Inde."

"Umamata n'kusalaza?"

"Inde, koma..."

"Ndi penti. A Dixon, mwamva? Mwana wa Likongwe ameneyu."

A Felista sanaseke nawo. "Ine ndimatsuka mabala a anthu amene zitsulo zawang'amba," anatero. "Iwe ukusalaza chitsulo chong'amba anthu."

"Muli munthu m'menemo, Mum. Ndikalakwitsa sabwerako."

Amayi ake anangomuwonjezera mpunga m'mbale. Nkhani imeneyo sanagwirizanepo mpaka lero, koma amakambirana bwinobwino.

Maya anawapatsa makolo ake lamulo limodzi: zimene amagwira, kumene ali, ndi tsiku limene akupita kulikonse, zisatuluke m'nyumba. Kwa a Felista zinali zosavuta, chifukwa namwino amazolowera kusunga za odwala. Kwa a Likongwe linali goli. Ankaimiritsa ana a eni ake, uyu wa famase, uyu wa ku banki, uyu loya, koma za wawo ankangoti, "Ali ku usilikali." Anthu anayamba kudzaza okha pamene panali posoweka. Ena ankati amaphika tiyi wa mabwana. Mayi wina anafunsa mwaulemu ndithu ngati mwanayo sali m'ndende, poti saoneka ku tchalitchi. A Likongwe anamva zonsezo, maiki ili m'manja, n'kumeza.

Chaka chatha, mitengo itayamba kuphuka, Maya anabwera kudzatsanzika. Gulu lake linkapita kunja ndi ndegezo kwa miyezi ingapo. Unali ulendo wake woyamba, ndipo anamusankha pakati pa anthu ambiri. Bambo ake akumuperekeza pa galimoto ku siteshoni, anamukakamiza mpaka anatchula dziko ndi tsiku.

"Koma ndi za inu ndi Mum basi," anatero.

"Lamlungu ubwere abusa akusanjike manja."

"Sindingathe. Ndipo mapemphero anu aja mumawaulutsa pa Facebook."

"Iwe, upite kunkhondo osatsanzika mpingo? Anthu anakunyamula uli khanda amenewa."

"Si kunkhondo, Dad, ndi ku ntchito. Mundipempherere kunyumba."

A Likongwe sanaganize zoulula chinsinsi. M'mutu mwawo, akulu ampingo si anthu akunja. Anaika maliro a anthu limodzi, anagwirizanitsa mabanja limodzi, ndipo amadziwa zinthu zimene sizinamvekepo kwina. Atabwerera kunyumba, anakhala m'galimoto momwemo n'kujambula uthenga wa mawu pa foni, kutumiza ku kagulupu ka akulu okhaokha. Anatchula dzina la mwana, dziko, tsiku, ndi mtundu wa ndege, chifukwa sanaonepo pemphero la ulendo lopanda malo. Anamaliza ndi vesi.

A Dixon anaumva ali pa ranki, mtima n'kusefukira. Anautumiza ku gulupu yaikulu ya Amalawi a ku Midlands kuti amayi aja a za ndende aumve. Wina anautumiza kwa mlongo wake ku Blantyre. Mawa lake masana, msuweni wina wa ku Lilongwe, amene Maya sanakumanepo naye, anali ataika pa Facebook chithunzi cha Maya atavala yunifolomu, mbendera ya Malawi pambali, dziko ndi tsiku zili pomwepo, ndi mawu akuti mlongo wathu watikweza.

Foni inalira a Likongwe akutchetcha kapinga.

"Dad, mwauza ndani?"

"Palibe. Akulu ampingo okha."

Maya analankhula pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayamba ndi Chichewa. "Adadi, mwandipweteka."

Maya anali atakadzinenera kale yekha kwa akuluakulu ake, chifukwa lamulo lawo limatero. Pa ulendowo anamuchotsa. Chiphaso cholowera kumene kumakhala ndegezo anamulanda kufikira atafufuza. Ngati akanapeza kuti ndi munthu wosasunga pakamwa, akanamuchotsa pa ndegezo mpaka kalekale, n'kumupatsa ntchito ina kutali nazo.

"Koma ndangopempha mapemphero," anatero bambo ake.

"Ndegeyo imabisala ikakhala m'mwamba. Ikatera ndi chitsulo chabe, ndipo ife timagona pafupi nayo. Munthu akadziwa malo ndi tsiku safunanso rada. Ndiye tsopano aliyense wofuna zinsinsi zake akudziwa nkhope yanga, dzina langa, ndi kuti bambo anga amakonda kulankhula."

A Felista atabwera ku shifiti anamvetsera nkhani yonse asanavule nsapato. "Mwana amasalaza khungu la ndege tsiku lonse," anatero, "inu mwaliboola ndi pakamwa muli mu Toyota. Musandiyang'ane ine. Konzani."

A Likongwe si munthu wokhala pansi n'kumadandaula. Anatenga foni n'kuyamba kuulondola uthengawo kumene unadutsa, munthu ndi munthu. Aliyense ankamuuza kuti aufufute, ndipo awauze amene anamutumizira. Ena anakwiya. Mayi wina wa ku Dudley anati pemphero safufuta. Msuweni wa ku Lilongwe ndiye anavuta koposa.

"Ankolo, koma anthu aikonda kwambiri. Mpaka a ku Joni akuyamikira."

"Chotsa."

"Ndi kunyadira chabe, ankolo."

"Ndiimbire amayi ako, kapena uchotsa wekha?"

Anachotsa.

Zikanathera pamenepo, kudikira kuti ofufuzawo amalize. Koma kwawo kwa a Likongwe, munthu akalakwira eni ake satumiza uthenga. Amapita yekha, ndipo sapita yekhayekha, amatenga wina womulankhulira. Anavala suti yawo ya maukwati. A Dixon anavala yawo, poti mlanduwo unali wawonso. Sanamuuze Maya kuti akubwera. Anayenda ulendo wautali kulowera kum'mawa, kudutsa minda yosalala yopanda ngakhale chulu, mpaka anafika pa geti la waya pamene panaima asilikali a mfuti.

"Tabwera kudzaonana ndi akuluakulu a Maya Likongwe," anatero a Dixon m'Chingerezi chawo cha m'takisi.

Msilikali wa pa geti anafunsa ngati anapangana ndi wina aliyense. Sanapangane. Anafunsa ngati kwagwa zovuta kunyumba. A Dixon anati zovuta zilipo, koma palibe wamwalira. Msilikaliyo anayang'ana madala awiri a masutiwo, anaimba foni, n'kuwalowetsa m'kachipinda ka pambali pa geti, momwe munali mipando ya pulasitiki ndi makina a tiyi.

Ali chidikirire, kunja kunabangula chinthu. Mawindo ananjenjemera, tiyi anagwedezeka m'makapu. Pa windo anaona ndege yotuwa ngati phulusa, yopanda kunyezimira kulikonse, ikukwera ngati yaponyedwa ndi legeni. Isanathe mphindi inali italowa m'mitambo.

"Yobisalayo ndi imeneyo?" anatero a Dixon, zala zili m'makutu. "Ngakhale agogo anga osamva aja akanaidziwa."

A Likongwe iwo anaona khungu. Munthu amene wapopera magalimoto moyo wake wonse amadziwa ntchito yosalala ngakhale ili patali. Penapake pa chinthu chimenecho panadutsa chala cha mwana wawo, ndipo munthu amene anali m'katimo anakwera osakayika.

Amene anabwera kudzawaona anali msilikali wamkazi waudindo, wa imvi zapatalipatali, dzina lake Maynard. A Dixon anaimirira n'kuyamba monga mwa mwambo: mmene anadzukira, mmene anayendera, kuti kunyumba onse ali bwino kupatula nkhani imene yawabweretsa. Mayiyo anayang'ana wotchi, koma anawasiya kuti amalize. Kenako a Likongwe anaika foni pa tebulo, kutsegula uthenga uja, n'kuumasulira okha m'Chingerezi chiganizo ndi chiganizo, mpaka vesi lomwe. Anaonetsa kumene unapita ndi kumene anaufufutitsa.

"Mwanayo anandiuza kuti ndisanene," anatero. "Ndinamukakamiza ndine kuti atchule malo. Kwathu mwana sakaniza bambo ake. Ngati pali wochotsedwa ntchito ndi ine, koma ndinapuma kale."

Mayi Maynard anafunsa chifukwa chimene anauzira anthu onsewo. A Likongwe anafotokoza za kutsanzika ndi kusanjika manja. Mayiyo anamvetsera, n'kunena mosazungulira kuti nkhaniyo siweruzidwa pa geti, ndiponso woweruza si iye. Anati Maya analakwa kutchula tsiku, koma anachita bwino kudzinenera msanga. Anati zimene aonetsazo azipereka kwa ofufuza, chifukwa zikuwachepetsera ntchito. Anawapemphanso kuti ulendo wina asadzabwere osapangana.

Mayiyo atatuluka, analowa Maya, atavala ovolosi. Anaima pakhomo, kuyang'ana bambo ake, kuyang'ana a Dixon, kuyang'ana mataye.

"Dad. Mwabwera ndi nkhoswe? Ku ntchito kwanga?"

"Ndi mmene timachitira."

"Anzanga onse akudziwa kale. Akuti kwabwera maloya anga."

"Loya wako ndine," anatero a Dixon. "Ndipo ndasiya takisi tsiku lonse, mwana iwe."

Maya anafuna kukalipa, koma kuseka kunamutsogolera. Anakhala pa mpando wapulasitiki, n'kumwa tiyi wa bambo ake amene anali atazizira. Sananene kuti wawakhululukira, ndipo iwo sanafunse.

Yankho linachedwa. Ndege zinapita, anzake anapita, Maya anatsala akusesa ndi kusanja zida m'nyumba ina kutali ndi bwalo. Ku Coventry a Likongwe anakana kugwira maiki pa maukwati awiri. Ankati mmero ukuwawa, koma aliyense ankadziwa chimene chinkawawa. Chilimwe chili pakati, Maya anaimba foni. Akuluakulu ake anamuchenjeza mwamphamvu, anamubwezera ku maphunziro a kasungidwe ka chinsinsi, ndipo chiphaso chake anamubwezera. Ulendo woyamba uja unamudutsa, ndipo umenewo sudzabweranso.

Chaka chino anamusankhanso. Atabwera kudzatsanzika, bambo ake anamuyambirira asanakhale n'komwe pansi.

"Usandiuze dziko. Usandiuze tsiku. Pakamwa panga ndimapadziwa. Koma Lamlungu ubwere."

"Dad, ndinanena kale za Facebook."

"Ubwere. Zimenezo ndi zanga."

Lamlungulo, itakwana nthawi ya zolengeza, a Likongwe anapita okha pamene pamaima foni youlutsira mapemphero, anaizimitsa, n'kuiika m'thumba la jekete. Anauza mpingo wonse kuti mafoni alowe m'zikwama, ndipo anadikira mpaka yomaliza italowa. Kenako anatenga maiki n'kuitana Maya kutsogolo.

"Uyu ndi mwana wathu. Mukumudziwa. Sali m'ndende, saphika tiyi. Akupita ku ntchito. Kumene akupita sindikudziwa, tsiku sindikudziwa, ndipo amene amufunse panja pano akangana ndi ine."

Mayi wa ku Dudley uja anakweza mkono. "Nanga akulu, tipemphera bwanji osadziwa malo?"

"Mayi, Mulungu sayendera postikodi," anayankha a Dixon ali kumbuyo. "Woyendera postikodi ndine."

Anthu anaseka, abusa anasanjika manja, ndipo a Felista, amene mpaka pano sazifuna ndegezo, ndiwo anayambitsa nyimbo. Kuyambira tsiku limenelo, wa ulendo aliyense mumpingomo amayamba wafunsidwa ngati akufuna kuti malo atchulidwe. Ambiri amafuna. Namwino wina amene ankathawa mwamuna womumenya sanafune, ndipo anatsanzika bwinobwino foni itazimitsidwa.

Maya ali kunja tsopano. Amaimba akapeza mpata, ndipo amakamba za chakudya ndi nsapato. Bambo ake safunsa ngati kukutentha kapena kukuzizira. Dziko limene ali salidziwa. Loweruka likubwerali kuli ukwati ku Hanley, ndipo maiki agwira ndi iwo.